Buku Langa Aligawa Panayi

Lolemba

Ndatsala ndi masamba makumi atatu kuti ndimalize buku lija ndinagula ku tauni. M'bukumo mwamuna ali ku Joni zaka zambirimbiri osatumiza ngakhale sopo, kuno kalipentala wina akumuzungulira mkazi wake. Amudikira mwamuna wake kapena ayi? Sindikudziwa, ndipo zikundisowetsa mtendere.

Ku mphakati masana ano, mapemphero atatha, pakamwa panga pandipereka: "Anzanga, tiziwerengako mabuku. Ili lokha musaliphonye." Anthu anayi akweza manja. Ndalipereka kwa a Nabanda, apampando athu, kuti lizungulire, Loweruka tidzakambirane. Ine ndidzamaliza likabwerera.

Ndikudziona ngati munthu wachitukuko.

Lachiwiri

A Nabanda akuti kuzungulira kuchedwa, ndipo womaliza adandaula. Iwo sakondera. Pa chikondwerero chilichonse amagawa nyama ndi iwo, palibe anang'ung'udzapo. Ndiye atenga lezala, adula ulusi wa kumsana kwa buku, aligawa panayi:

koyambirira, iwo eni, poti ndi apampando;
kwachiwiri, a Nankhoma ogulitsa mandasi;
kwachitatu, akatekisiti;
kothera, a Mbewe, mlimi wa fodya wa kutsidya kwa dambo.

Chikuto andibwezera ine. "Nanunso mukhale ndi kanthu, aphunzitsi."

Ndathokoza. Ndathokozadi!

Lachitatu

Mutu ukuwawa. Poweruka kusukulu a Nabanda andiimika pa mjigo: "Mwamunayu ndi wachikondi, eti? Mpaka kumugulira mkazi wake chitenje."

Kutsogoloku a Nankhoma, nditawatchulira za mwamunayo: "Mwamuna wake uti? Gawo langa muli apongozi okhaokha."

Akatekisiti akuti kalipentalayo sakuwasangalatsa, ndipo akufuna adziwe kaye ngati ukwati woyambawo unali wodalitsa. Yankho lili m'gawo la a Nabanda, koma awiriwa sayankhulana chiyambire mkangano wa kwaya. Akuti ndikawafunsire ineyo.

Lachinayi

Ndayamba kutolera ndekha.

La a Nabanda: lonse lilipo, lowongoka bwino, limagona pansi pa mphasa.

La akatekisiti: lilipo, koma mawu ena awalemba mzere kunsi ndi cholembera chofiira.

La a Nankhoma: masamba angapo palibe. Akuti nyuzi zokulungira zinawathera pa msika wa Nsaru makasitomala ali pamzere. Otsalawo anyowa mafuta moti mbali zonse ziwiri zikuwerengeka nthawi imodzi.

Zonsezi ndikupirira, ndinawerenga kale. Changa chili kwa a Mbewe.

Lachisanu

Dambo, matope, nsapato imodzi yaduka. A Mbewe kulibe, apita kukadinda mabelo a fodya. Akazi awo andipatsa mpando: "Mapepala aja? Akuwakonda zedi. Akuti ndi ofewa bwino."

Ofewa.

Liwu limenelo landiperekeza njira yonse mpaka kunyumba.

Loweruka

Zokambirana pansi pa mtengo wa mango ku tchalitchi. Aliyense akunena za buku lake. A Nankhoma akudana ndi apongozi, akatekisiti akudana ndi kalipentala, a Nabanda akuteteza mwamuna amene m'gawo lawo sananyamukebe.

A Mbewe afika mochedwa, ndudu ya chingambwe ili pakhutu. Pa nduduyo ndikuwerenga bwinobwino: "atatsegula chitseko anapeza". Kwinako kwapindika.

"Musade nkhawa, aphunzitsi. Tsamba lililonse ndimayamba ndawerenga ndisanapichire."

Ndafunsa mwaulemu wonse: nanga zatha bwanji?

"Kunabwera munthu wina pa njinga, anthu n'kuyamba kulira. Kaya chinali chimwemwe kaya maliro, anthuwo ine sindikuwadziwa. Kotsala ndi aka kokha."

Ndisanatsegule pakamwa kupempha, machesi alira.

Lamulungu

Ndatopa. Misa itatha ndawamva a Mbewe panja akuuza anzawo: "Buku la aphunzitsi lija musaliphonye." Kenaka andifunsa ngati wolembayo ali ndi lina, la mapepala omwewo. A Nabanda akuti sabata yamawa anthu akhala asanu ndi awiri, ndiye ndibweretse lokulirapo.

Ndasoka zotsalazo m'chikuto, ndaika m'sutikesi, ndakhoma. Mkazi uja ndamusiya pamene ndinamusiya Lolemba, ali pakhonde, akuyang'ana ku msewu. Tsopano odikira tilipo awiri.