Nkhunda Ziwiri za Pachitseko

LOLEMBA

Makina afika! Ali patebulo pano, ndikuwayang'ana, nawonso akundiyang'ana. Ndinawatsitsa m'sitima Loweruka, n'kuwasenza pamutu kuchokera ku Chipyela mpaka kuno ku Yofu. Khosi mpaka lero silikutembenuka. Zilibe kanthu.

Ndi aja ochekera zokongoletsa zamatabwa. Kasowo kake n'kowonda ngati udzu wa tsache, kamakwera ndi kutsika ngati singano ya telala, iwe n'kumangotembenuza thabwa. Pafoni ndaona mzungu wandevu akucheka gwape yense, nyanga ndi nsidze zomwe, uku akumwa tiyi. Ngati wandevu uja akutha, kuli bwanji ine mphunzitsi wa Sitandade 7, komanso ndili patchuthi?

Nkhani yake ndi iyi. Akazi anga, amake Tadala, akubwera Loweruka likudzali. Chinditumizireni boma kuchilumba kuno ku Likoma, iwo ali ku Ntcheu ndi mwana, ine kuno ndikudya ndekha ngati mfiti. Ndachonderera mpaka mawu kutha. Tsopano avomera kudzaona ndi maso awo. Mawu awo pafoni: "Ndikapeza nyumba yooneka kuti mumakhala munthu, ndikhala. Ndikapeza khola, sitima yomweyo ikamabwerera ndikwera."

Khola! Aona.

Pulani:
- nkhunda ziwiri zogundana milomo, pamwamba pa chitseko
- pakati pake mtima
- pansi pake TAKULANDIRANI AMAKE TADALA, zilembo zopotanapotana
- nthawi ikatsala, gwape

Madzulo. Ndangozindikira kanthu kamodzi. Matabwa ndilibe.

LACHIWIRI

Ndazungulira Chipyela yonse kufuna thabwa. Kulibe! Ochepa amene alipo ndi a okhoma maboti, ndipo ukangoliyang'ana thabwa lawo amakuyang'ana ngati wafunsira mkazi wawo. Akuti ena akubwera pa sitima. Sitima yake yomweyo ya Loweruka.

Chilumba chonsechi mitengo yake ndi milambe ndi mango. Mlambe mkati mwake ndi chinkhupule. Mango uliwonse uli ndi mwini wake, mwini wakeyo ali ndi achibale.

Ndabwerera kunyumba. Ndayang'ana shelefu ya mbale. Munthu mmodzi, shelefu ya chiyani? Mbale zili pansi.

Ndayatsa makina. Mayo ine! Phokoso! Thabwa likudumpha, likundimenya zala, makina akuyenda okha patebulo kulowera kukhomo ngati akufuna kubwerera ku Mzuzu kumene ndinawagula. Kani kasowo ndakaika chadodolido, mano kuloza kumwamba. Ndakatembenuza. Thyo! Kathyoka. Mwayi wake m'paketi muli tina.

A Barnaba, eni nyumba ino, mdala woimba besi kukwaya, amva phokoso. Abwera ndi buluku long'ambika kumbuyo. "Aticha, tamva mwagula makina. Mungondidutsira apa." Ndafotokoza mwaulemu kuti si osokera. Ayang'anitsitsa kasowo kakukwera ndi kutsika. "Ulusi ndibweretsa ndekha." Buluku alisiya.

Nkhunda yoyamba yatuluka dzuwa litapendeka. Ndaionetsa mayi Agnesi, a nyumba yoyandikana nane, aja amawamba nsomba kuseri kwawo. Aitembenuza uku ndi uku. "Mlamba wabwino, aticha. Ndevu zokha mwaiwala." Koma anditamanda. Ati dzanja lilipo, ndisafooke. Apempha mlambawo pamodzi ndi tizidutswa tonse tapansi, mpaka asesa okha.

Munthu wabwino bwanji!

LACHITATU

Wandevu wa pafoni akuti: osakankha thabwa, kasowo kazidya kokha. Akutinso kakungike mpaka ukakakhudza kalire ngati nsambo ya gitala. Ndakunga. Kalira bwino zedi. Kathyoka ndisanayatse n'komwe.

Shelefu yatha. Mpando wa alendo. Kunena zoona, alendo ake sabwera. Ndauphwasula.

Zotuluka lero:
- nkhunda yopanda mutu, dzanja linaterereka
- mutu wopanda nkhunda
- mtima, koma a Barnaba akuti ndi mbatata
- chilembo T. Chabwino ndithu! Ndachipsompsona.

Magetsi athima ndili pakati pa A. Abwerera ine ndili kuchimbudzi, makina ndinawasiya oyatsa. Ndathamanga lamba ali m'manja. Ndawapeza afika kumphepete kwa tebulo, mwendo umodzi uli kale m'malere. Utuchi m'tiyi, utuchi m'shuga, utuchi m'makutu. Ndikayetsemula pakutuluka mpando.

Mayi Agnesi abweranso, lero ndi dengu. "Mukupita patsogolo, aticha. Ya leroyi ikuyandikira mbalame." Kenaka agogoda mpando wanga wachiwiri ndi chala. "Uwu thabwa lake ndi louma bwino." Ndi zoona. Amayiwa ali ndi diso la luso, sukulu yokha ndiyo inawaphonya. Andipatsa utaka wowamba, wotentha. Kukoma kwake! Kungoti kukumveka kafungo ka vanishi patalipatali.

Foni ya amake Tadala: "Mwakolopa?" Ndati kukolopa n'kwa ana, iwo adzaona zazikulu. "Zazikulu zanuzo ndiye ndimaziopa."

Ndikulemba izi chiimirire.

LACHINAYI

Mawu ndachepetsa. TAKULANDIRANI AMAKE TADALA ndi yaitali, bedi silingakwane. Tsopano ndi FIKANI basi. Ulemu ndi womwewo.

Inde, bedi. Sindinachotse matabwa onse ayi. Ndikuchotsa limodzi, kusiya limodzi. Ndagonapo kuyesa. Likugwira, bola osatembenuka.

Mbiri yamveka chilumba chonse kuti aticha a ku Yofu ali ndi makina odula chilichonse. Pakhonde pali mzere ngati kuchipatala:
- mayi wa ku Khuyu ndi kampango wa mufiriji, wolimba ngati mwala, akufuna mapisi ofanana
- msodzi ndi loko wotayika kiyi
- wina ndi mtanda wa sopo
- a Barnaba ndi ulusi

Kukana sindingathe. Wobwera sakana. Ukakana lero, mawa malungo akakugwetsa akunyamula ndani? Kampango wadya timasowo. Loko wadya timasowo, iye osakandika n'komwe. Sopo yekha ndiye wachekeka, mzere wowongoka ngati wa rula. Anthu aomba m'manja. Ndi chinthu choyamba chimene chandiyendera sabata ino, ndipo si changa.

Makina akununkha nsomba. Amphaka a Yofu yense ali pawindo.

Masana ndabwerera ku nkhunda. Pamafunika diso. Wandevu amaboola ndi kachipangizo kena kamene sanandiuze kuti ndigule. Ndatenthetsa msomali pambaula. Diso latuluka, inde, koma mutu wonse wapserera. Mayi Agnesi akuti ndisadandaule, yopserera amalandiranso.

Timasowo tatsala tochepa. Ndikutisunga m'thumba la malaya ngati mankhwala.

Madzulo ndayankhula ndi Tadala. Mwanayu ndamusowa. Wandifunsa ngati ku Likoma kuli mipando. Ndati ilipo. Mulungu andikhululukire.

LACHISANU

Mawa! Mawa!

Bedi lagwa mbandakucha. Ndinatembenuka. Ndiye matabwa otsalawo alibenso ntchito, ndawacheka. F yatuluka. I yatuluka. I ndi yosavuta, ndacheka zingapo. K yakana.

Nkhunda palibe ndi imodzi yomwe, matabwa atha. Ndakhala pamatiresi, ndayang'ana uku ndi uku. Nzeru yabwera! Ndikuvutikiranji ndi nkhunda zoika pamwamba pa chitseko? Ndizicheke m'chitseko momwemo! Thabwa lalikulu, losalala, lilipo kale. Komanso mpweya uzilowa.

A Barnaba apita ku Chipyela kukaphunzira nyimbo za Lamulungu. Ndazula chitseko. Sichikulowa pamakina, khosi la makinawo ndi lalifupi. Ndiye chiyenera kudulidwa pakati, ndikamaliza ndilumikiza. Zomveka.

Ndapita kwa mayi Agnesi kukabwereka sowo wamkulu. Ndazungulira kuseri osaodira.

Abale inu!

Pamoto wowambira nsomba pali mwendo wa mpando wanga. Pali mutu wopanda nkhunda. Pali T wanga, T amene ndinamupsompsona, akuyaka lawilawi pansi pa utaka! Iwo osachita manyazi ndi pang'ono pomwe. "Aticha, nkhuni kuno timachita kudikira za ku Mozambiki pa boti. Inu mwatipulumutsa. Nchomba zanga sizinaumepo bwino chonchi. Makamaka zilembo, zimagwira moto msanga."

Kani luso limene ankaona mwa ine ndi limeneli! Utaka wonunkhira vanishi uja ndinadyera mpando wanga womwe.

Ndakwiya. Ndakwiya kwambiri. Koma sowo ndabwereka.

Ndadula chitseko pakati. Sichikulowabe. Ndadulanso. Tsopano chikulowa, kungoti sichikuonekanso ngati chitseko.

Ndapuma. Ndapemphera. Osakankha, kasowo kazidya kokha. Pang'onopang'ono. Mlomo. Mutu. Phiko. Mchira. Yatuluka! Nkhunda yeniyeni, ya mutu wake womwe! Ndafuula mpaka amphaka abalalika.

Yachiwiri: kasowo komaliza, thyo, pakhosi penipeni.

A Barnaba abwera. Aima pamene panali chitseko. "Odi kuno. Kapena tizingolowa?" Ayang'ana zidutswa nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. "Chitseko ichi chinapirira mphepo ya mwera zaka zonsezi. Chinapirira ana anga onse. Inu aticha, tsiku limodzi." Anyamula makina. Akuti akakhala kwawo mpaka pakhomo pano patsekeke.

Buluku lawo alisiyabe.

LOWERUKA

Ndasesa. Kusesa n'kosavuta masiku ano, mulibe chopinga. M'nyumba muli tebulo, matiresi, mbale, amphaka. Pakhomo ndapachika bulangete. Pamwamba pake ndakhomera nkhunda yanga, ndi F, I, I, I.

Sitima yafika. Chilumba chonse chili kudoko, ena kulandira katundu, ena kuona amene akulandira. Matabwa atsikadi, atsopano, onunkhira. Ndayang'ana kumbali.

Amake Tadala atsika m'boti lowatenga kusitima atakweza chitenje, ndi kachikwama kamodzi kakang'ono. Mtima wanga wangoti phwii. Chikwama chotere n'cha munthu wobwerera. Tadala amusiya kwa agogo ake.

Njira ya ku Yofu sinatalikepo chonchi. Aliyense wokumana naye: "Ndinu akazi a aticha a makina? Pepani, mayi." Wina wawagwira dzanja ndi manja awiri ngati pamaliro. Iwo: "Bambo a Tadala, kwagwanji kuno?" Ndati anthu akuno ndi aulemu chabe.

Tafika. Aima. Ayang'ana bulangete. Alikweza, alowa. Kuyendera nyumba sikunatenge nthawi, zoona mulibe. Afunafuna pokhala, akhalira chikwama chawo.

"Akuba?" Ndati ayi.

"Moto?" Ndati moto pang'ono, koma kwa aneba.

Atuluka, aloza pamwamba pa khomo. "Nanga bakhayu?" Ndati ndi nkhunda. Ndati zinayenera kukhala ziwiri, ine ndi inu. Ayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye watsala yekhayu ndi ndani?"

Asonkha moto. Aphika, tadya, mbale zili pamiyendo. Mwera ukukankha bulangete mpaka pakati pa nyumba. Anati akapeza khola abwerera. Khola limakhala ndi chitseko. Ine ndalephera ndi khola lomwe.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinapite. Nyumba yopanda chitseko saisiya yokha, ngakhale mulibe choba. Amake Tadala apita ndi mayi Agnesi, anthu oti adziwana dzulo lomweli.

Sitima ikubwerera mawa. Ndavomera. Ena anabadwira kucheka agwape, ena kudya okha. Ndawamangira usipa wa paulendo, wina wa Tadala. Ndakhala pakhonde, pansi, kudikira.

Pobwera ndikuwamva ali patali, awiriwo, akuseka mpaka kutsamira mlambe. Atandiona, mayi Agnesi akhotera kwawo.

Amake Tadala atenga foni. Aima pakhonde pomwepo, akuyankhula ndi amayi awo, mokweza dala kuti ndimve.

"Ayi amayi, nyumba kulibe. Ayi, mkazi wina kulibenso, angakhale pati? Mumutumize Tadala ndi achimwene pa sitima ya sabata yamawa. Bedi langa, mipando, ndi chitseko cha kukhitchini chija, muchizule. Nanga nditani? Munthuyu ndikamusiya sabata ina ayamba denga."

Akhala.

Ndinachonderera ndi mawu okoma, osatheka. Ndinatumiza zithunzi za mango, osatheka. Lero akhala chifukwa aona okha kuti ndine chitsiru chosayenera kusiyidwa chokha. Kaya ndapambana, kaya ndaluza, sindikudziwa. Ndazungulira kuseri kwa nyumba, ndalira pang'ono. Ndi chimwemwe. Asandione.

Malamulo atuluka kale:
- mpeni sindigwira
- lumo ndizichita kupempha
- wandevu wa pafoni asamvekenso m'nyumba muno

Za makina sindinafunse. Buluku la a Barnaba akuti asoka okha, pamanja.

Akundiitana. Akufuna kusintha zovala za kutchalitchi, ndipo mphepo yayambanso. Akuti ndiime pakhomo, ndigwire bulangete uku ndi uku, ndiyang'ane kunja. Wina akaodira, ndimuuze adikire.

Mpaka sitima ibwere, chitseko ndine.