Kiyi Wogawa ndi Kiyi Wobisa

Lolemba

Ndikangolakwitsa pepala, bambo a Tadala ntchito iwathera, ine ndibwerera kwathu ku Lisasadzi mwana ali kumbuyo.

Aimba kuchokera ku Lilongwe, kumene amapanga pulogalamu ya pafoni ya makalabu a fodya. Akuti m'sutikesi muli mapepala awiri, onsewo ndi makiyi. Kiyi wopanda mano! Zilembo zokhazokha, ngati papalasa nkhuku.

- Limene analemba GAWA pamwamba: ndichite fotokope, ndipatse alembi a kalabu. Azitsekera maimelo opita kwa bambo a Tadala, azitsimikiziranso kuti pulogalamu ndi yawodi, si ya akuba.
- Limene analemba BISA: lotsekulira. Asalione munthu. Wolipeza aziwerenga makalata awo, n'kumasaina ngati iwo.

Foni yanga imalankhula mokuwa. Apongozi aakazi amva zonse ali pakhomo.

Lachiwiri

Mwamuna wogawa kiyi mudzi wonse! Ine wa chitseko ndimamangirira pansonga ya chitenje. Nanga makalata ofunika kutseka chonchi amawalembera ndani?

Ndasanjika BISA pafoni kuti mwina atseguka. Zii. Ndatembenuza pepala. Zii. Ndawerenga mokweza mzere woyamba, Tadala waseka mpaka ntchofu.

Lachitatu

Mayo ine!

Ndasiya mapepala pamphasa, ndathamangira kuchigafa, mvula ikuwazira fodya. Pobwera, apongozi aamuna ali pakhonde, utsi tolo. Ang'amba kumutu ndi kumunsi kwa mapepala onse awiri, apichira chingambwe.

"Ndatenga mopanda zolemba zambiri, mayi a Tadala, musadandaule."

GAWA yapsa. BISA yapsa. Otsalawo akufanana ngati mapasa.

Lachinayi

Njira zosiyanitsira:
- kununkhiza (onse fungo la sutikesi)
- kupemphera (ndikudikirabe)
- kumupatsa Tadala asankhe (wasankha onse, kukamwa)

Aimba. "Wagawa?" Ndati, "Halo? Halo? Netiweki!" Ndazimitsa foni ndi chala changa chomwe.

Lachisanu

Ndapita ku Mtunthama, kushopu ya fotokope. Ndafotokoza vuto langa monong'ona. Mayi wa pamenepo akuti, "Tabweretsani onse ndione, achemwali, ndikuuzani pompano."

Aone! Nanga limodzi mwa awiriwa si lija asalione munthu? Ndagwira pachifuwa pamene ndawabisa, ndabwerera chammbuyo mpaka pakhomo. Ndagula machesi kuti ndisaoneke wamisala.

Loweruka

Ndaganiza. Ndibisa onse awiri mpaka eni ake adzabwere pa Isitala. Ndawabwezera m'sutikesi. Nzeru zimenezi ndikanakhala nazo kusukulu!

Apongozi aakazi: "Mwana wanga anati gawani, inu mwakhalira. Nsanje imeneyi, mayi a Tadala."

Ndati ayi amayi. Ndapita kukasoka fodya. Masana ndawaona atavala nsapato zotuluka nazo, akukwera kabaza. Ndati mwina kumaliro.

Lamulungu

Sikunali kumaliro.

Kutchalitchi, zolengeza zitatha, mkulu wa mpingo waimirira ndi mulu wa mafotokope. "Mwana wathu wa ku Lilongwe watitumizira kiyi. Mayi ake akuti aliyense atenge lake." Anthu m'manja. Amvano apinda, aika m'mabuku a nyimbo. Amayi andiyang'ana n'kumwetulira.

Ndanong'ona, "Amayi, mwa mapepala awiri aja munatenga liti?"

"Linali pamwamba."

Ndathamanga, Tadala akudumphadumpha kumsana. Ndati nditenge lotsalalo ndikaonetse mayi wa fotokope uja, zivute zitani, ndidziwe chimene chagawidwa. Sutikesi pululu. Amayi anaisiya yosatseka.

Pakhonde apongozi aamuna, utsi.

"Ili likukoma kuposa aja, mayi a Tadala. Mulinso ena?"

Basi. Ndayatsa foni. Zovala zanga ndamanga kale m'chitenje, za mwana padera.

Bambo a Tadala, netiweki inalipo masiku onsewa. Kiyi wina ali ndi mpingo wonse, wina ali m'chifuwa mwa bambo anu, ndipo sindikudziwa kuti ndi uti. Musadikire Isitala. Kwerani minibasi ya lero lomwe, chonde bwerani!