Mkamwini Ali Lendee M'chigafa

Nkhani iyi ndikaikumbukira mtima umachita kuwira, ndiye amene mukufuna kuseka sekerani kumbali, chifukwa ine mpaka lero sindinapezemo choseketsa. Anzanga amati ndiiwale. Ndiiwale bwanji msana womwewo ukundikumbutsa pamene ndakhala pano?

Ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Nsaru, koma ndinakwatira kumudzi wina kuseri kwa Msundwe ndipo ndimakhala komweko. Amene simunakhalepo pachikamwini mvetsani: kumeneko munthu samuyeza ndi nkhope kapena sukulu, amamuyeza ndi mizere imene wapanga dzuwa lisanatenthe. Ndiye taganizani mkamwini wodwala msana.

Unayamba chaka chimene ndinakweza belo la fodya pangolo ndekhandekha kuti azilamu andione. Anandionadi, anaomba m'manja, ine ndinangomva kuti thee m'chiuno. Chiyambire pamenepo ululu umachoka m'chiuno n'kutsika ndi mwendo wamanzere mpaka kuchala chachikulu. Kudzuka m'mawa ndi nkhondo. Kuyetsemula ndimayamba ndagwira khoma. Kuchipatala ndinapita mozemba (pakhomo ndinati ndikukafunsa mtengo wa ziguduli zomangira mabelo a fodya), ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti matendawa satha ndi jakisoni. Anati ndizithowa ndi madzi otentha, ndiziyenda pang'onopang'ono, ndipo ndisiye kunyamula zolemera.

"Ndisiye kunyamula zolemera? Adokotala, mukudziwa kumene ndimakhala?"

Anangoseka. Ine ndinatuluka nditalusa. Wodziwa za msanawu anali mkazi wanga yekha, Naphiri, amene ankandithowa madzulo chitseko chili chotseka.

Kubisaku kunali ndi chifukwa chake. Chaka cha nkhani ndikukambayi atsibweni ake a Naphiri, omwe ndiwo mwinimbumba, ananena kuti akalamba ndipo dimba lawo la kudambo alipereka kubanja limodzi: langa, kapena la a Levisoni, mkamwini mnzanga amene anakwatira mng'ono wake wa mkazi wanga. Dimba limenelo, abale! Dothi lakuda bii, chitsime chosaphwa ngakhale mu Okutobala. Fodya anali atayamba kundikanika, ndipo ndinkaona kuti ana anga adzaphunzira ndi tomato ndi kabichi wa m'dimba limenelo. Koma a Levisoni ndi munthu woti amanyamula thumba la feteleza uku akuimba mluzu. Akanangodziwika msana wanga, nkhani inali itatha.

Ndiye kunabwera a Namakhwa. (Dzina limeneli ndikalitchula malovu amawawa.) Ndi tenanti wa paesiteti ina chakufupi ndi kwathuko, kwawo ndi ku Phalombe. Anandipeza panjira ndikuyenda chammbali.

"Achimwene, umenewo ndi msana, eti? Musabise, ine ndimaudziwa. Mafupa akhalirana amenewo. Umangofuna kukokedwa basi."

"Kukokedwa ndi ndani?"

"Ndi thupi lanu lomwe. Mangani nsalu m'khwapa, muikolowetse pamtanda, mulendewere. Mukamva kuti khwa, mwachira. Ine ndinatero, onani mmene ndikudumphiramu."

Anadumphadi pamsewu pomwepo, munthu wamkulu ndi imvi zake. Ine chitsiru ndinakhulupirira.

Tsiku labwino linapezeka. Naphiri anapita ndi khanda kusikelo, ana kusukulu, mudzi wonse kumaliro kutsidya kwa dambo. Ndinati ndibwera m'mbuyo. Nditaona kuti kwachita zii, ndinasolola chitenje chimene chinali pampanda wa bafa, ndinanyamula mtondo umene unali pabwalo, n'kulowa m'chigafa. Fodya anali atadzaza mbali zonse, akuuma bwino. Ndinavula malaya. Ndinavulanso lamba, chifukwa amadinda pamalo penipeni popweteka. Kenako ndinavundikira mtondo, n'kukwerapo, n'kuponya chitenje pamtanda wapakati. Ndinachizunguliza kawiri pachifuwa kuti ndisaterereke, mfundo n'kumanga pamwamba pa mutu.

Ndinapinda maondo. Msana unati khwa! Unatinso khwa! Abale, ndinamva kukoma kumene ndinali nditakuiwala. Ululu wonse unachoka mpaka kuchala. Ndinawadalitsa a Namakhwa, ndinadalitsa Phalombe yense ndi phiri lake. Pamenepo munthu wanzeru akanatsika. Ine ndinati ngati kulendewera chabe kukukoma chonchi, nanga kuchita katungwe? Ndinadzikankha kamodzi, kawiri, chidendene n'kugunda mtondo. Gubudu! Unagwa n'kugubuduzika mpaka pakhomo pa chigafa.

Zala za kumapazi zinkangotsala pang'ono kukhudza pansi, koma osakhudza. Mfundo inathina. Kuti ndiimasule ndinayenera kudzikweza ndi manja, ndipo nditangoyesa, msana uja unabwerera ndi abale ake onse. Kenako ndinamva buluku likuyamba ulendo. Linatsika mosafulumira, ine ndikulipanira ndi maondo, ilo osamva, mpaka linakakhala pa akakolo. Kamkati kanalipo, inde, koma kanali kaja kamene Naphiri wakhala akundiuza kuti nditaye.

Ndinaitana chapansipansi, kuopa kuti wina angamve (musandifunse nzeru yake). Kunabwera nkhuku yokha. Inandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuka kundiyang'ana ndi linalo, n'kutuluka. Manja anayamba dzanzi, chifuwa chikubanika, fungo la fodya likundikanda pakhosi. Ndinatukwana a Namakhwa ndi mtundu wawo wonse. Ndili mkati motukwana, ndinamva mawu panja.

"Aaa, mtondo wangawu wafika bwanji kuno?"

Apongozi anga aakazi. Kumaliro sanapite chifukwa cha bondo lawo, ine osadziwa. Tsono mayi amenewa chikwatirireni sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira iwo amapatukira kumanja, ine kumanzere, n'kupatsana moni titanjuta, aliyense akuyang'ana tchire lake. Mbale imodzi sitinadyerepo, mkeka umodzi sitinakhalirepo. Ndipo ndi iwowa amene tsopano ankabwera molunjika pakhomo pa chigafa.

Ndinatsokomola mwamphamvu monga mwa mwambo, kuti adziwe kuti muli munthu. Mapazi anaima. Kenako ndinamva phaphapha, liwiro loti munthu wodwala bondo sangathamange, ndipo mawu anachokera kuseri kwa chigafa.

"Kodi m'chigafamo muli anthu?"

"Muli anthu, amayi."

"Anthuwo ali bwino?"

"Ali bwino pang'ono. Kungoti ali m'mwamba."

"M'mwambamo akutani?"

"Akuwongola msana."

Kenako anati, "Anthuwo ayambe akweza buluku."

(Mmene anadziwira za bulukulo, ine sindinafunse, inunso musafunse.)

"Manja sakufika, amayi."

"Mayo ine! Ndinalakwanji ine chaka chino?"

Ndinapempha, ndikulankhula ndi denga, kuti patsindwi pali chikwakwa, wina angodula chitenjechi anthu atsike. Anafunsa kuti chitenje chake chiti. Ndinati chobiriwira cha maluwa achikasu, chinali pabafa.

"Chimenecho n'changa," anatero. "Chatsopano. Sichidulidwa."

Ha! Munthu ndikubanika, manja afa, iwo akuganiza za maluwa achikasu! Ndikanakhala pansi ndikanayankha. Koma munthu wolendewera wopanda buluku sakweza mawu kwa apongozi ake, ndiye ndinameza.

Analowa chambuyo. Mpango anaukokera kumaso, nkhope kunja, msana kwa ine, akukankha mtondo ndi chidendene. Ine ndiye wowongolera.

"Kumanja pang'ono, amayi."

Anapita kumanzere.

"Ayi, kumanja kwa anthu a m'mwamba!"

"Anthu a m'mwambawo anene bwinobwino, ine kumbuyo kulibe maso!"

Anagunda mikangala yopachikapo fodya, fodya wanga wabwino n'kuyoyokera pansi, iwo n'kumuponda. Anakankhanso, mtondo unadutsa pansi panga n'kukaima kutsogolo. Anazungulira, chambuyobe, akung'ung'udza kuti pa ana awo onse palibe anawavutitsapo chonchi. Ulendo wotsiriza anaukankha ndi mkwiyo, unandimenya pamsongolo, ndinaona nyenyezi masana, koma phazi linaponda. Iwo anauchinjiriza ndi chidendene kuti usagubuduzike, ine ndikumasula mfundo ndi mano ndi zala zakufa. Itamasuka ndinagwa ngati thumba la makaka. Buluku ndinakwezera chogona.

"Chitenjecho achape, achibweze pomwe anachitenga," anauza khomo, n'kutuluka ndi mtondo wawo.

Tsono apa m'pamene panayambira uchitsiru weniweni. Ndinatsimikiza mumtima kuti pofika madzulo mudzi wonse wamva. Nkhani yotere mayi wamkulu angaisunge? M'mawa mwake ndikudutsa pamjigo, azimayi anaseka. Ndinati ehe, yayambika. Ana akusewera pa mtengo wa mango, wina n'kulendewera panthambi, ndinati awatuma. A Levisoni anandipeza ndikutola fodya woyoyoka uja.

"Akulu, mwadzuka bwanji? M'thupi muli bwino?"

"M'thupi mwa ndani? Mwayamba liti kufunsa za m'thupi mwanga?"

Anachoka akudzikanda m'mutu. Naphiri naye anadabwa. "Kodi abambo ake Tadala, mwatani masiku ano? Mukungolusa ndi nkhuku zomwe." Ndinati nayenso akundinyogodola, ndipo madzulo amenewo ndinakana kuthowedwa. Ndinagona ndi ululu wanga, mwaulemu wanga.

Tsiku la nkhani ya dimba linafika. Tinakhala pabwalo la atsibweni, amuna pamipando, akazi pamkeka, apongozi chapatali kuseri kwa nkhokwe atatipatsa msana. Ine ndinakhala tsonga ngakhale mwendo unkayaka moto. Atsibweni anayamba ndi mbiri ya dimbalo, amene analitsegula, chaka chimene madzi anasefukira. Kenako anati, "Dimba si masewera, ana inu. Limafuna munthu wolimba, woti keni ziwiri zothirira m'manja m'mawa ndi madzulo."

Pomwepo a Levisoni anamwetulira. (Ndinamva pambuyo pake kuti ankamwetulira mwana wawo amene ankakwawira kumapazi awo.) Ine magazi anathamangira kumutu. Ndinadzuka, mogwira mpando.

"Nenani poyera, atsibweni! Musazungulire! Inde, msana wanga ndi wakufa, wakhala wakufa zaka zonsezi! Inde, ndinadzipachika m'chigafa ndi chitenje cha amayi! Inde, buluku linagwa, ananditsitsa ndi apongozi anga! Sekani tsono, a Levisoni, sekani mumalize, m'malo momandisekera kumjigo!"

Zii. Ngakhale khanda linasiya kuyamwa. Atsibweni anatsegula pakamwa osatsekanso. Naphiri anandiyang'ana ngati munthu wachilendo. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi kufuna yodziwa, ndipo panalibe ngakhale imodzi.

"Buluku... linatani?" anafunsa atsibweni. Anatembenukira kunkhokwe. "Achemwali, zimenezi n'zoona?"

"Ine sindinaone kanthu," anayankha apongozi. "Ine ndinkafuna mtondo wanga."

Pamenepo ndiye kuseka kunaphulika, kwenikweni tsopano. Mlamu wanga wina anagwa pampando. Ndipo ine, nditaima pakati pa bwalo, m'pamene nzeru inandifikira mochedwa: mayi uja akanauza ndani? Akanayamba bwanji kufotokoza kuti anali m'chigafa ndi mkamwini wosavala? Manyazi anga anali manyazi awonso, ndipo akanapita nawo kumanda. Amene anaulula, pamaso pa mbumba yonse, n'kuwavula ulemu mayi wachikulire, ndi ine ndi pakamwa pangapa.

Atsibweni atapukuta misozi anati pepani akamwini, matenda saseka, koma dimba munthu wodwala msana lingamuphe. Analipereka kwa a Levisoni.

Kunyumba Naphiri anateleka madzi. Anaviika nsalu, anafinya, n'kuiika pamsana isanapole ngakhale pang'ono. Ndinakuwa.

"Khalani chete, mwalankhula zokwanira lero," anatero. "Mukudziwa kumene amayi anapita dzana ndi bondo lawo lija? Kwa atsibweni. Anakawapempha kuti dimba likhale lathu. Anati chitsime chili pakati, munthu sayenda mtunda ndi keni, ndipo ine ndi ana tikhoza kumathirira. Chifukwa chake sananene, inenso ndinadabwa. Atsibweni anali atavomera kale. Lero amangofuna kulengeza."

Ndinangokwirira nkhope pamkeka, nsalu ikundiwotcha.

Anthu amati ndiphunzirepo kuugwira mtima. Ndikuyesa, koma a Namakhwa ndikadzawapeza adzadumphanso, ulendo uno osafuna. Apongozi tikakumana panjira tsopano amapatuka akadali kutali kwambiri, ndipo moni amayankha ndi chifuwa chokha. Ndiwo za lero zinali ndi tomato wa m'dimba lomwe lija. A Levisoni anatumiza waulere, wamkuluwamkulu, akuti wa odwala. Ndinafuna kukana, koma mapiritsi a msana safuna m'mimba mopanda kanthu, ndiye ndinadya.