A Kingstone ndi Fayilo ya Achimwene Awo

Ku Chigumula kuno aliyense akuuzani kuti malemu a Kingstone Alufandika sankagona ndi kalata yosayankha. Kaya ndi ya ukwati, kaya ndi bilu ya madzi, kaya kapepala kodandaula kuti nkhuku zawo zafukula mbewu za eni, iwo ankatulutsa makina awo otaipira pakhonde n'kuyamba kugogoda ndi zala ziwiri ngati nkhuku zomwezo zikujompha mphale. Anagwira ukalaliki zaka makumi atatu ndi zinayi mu ofesi ina ya boma m'tauni, m'chipinda cha mafayilo chopanda windo, ndipo atapuma ntchito chipindacho anabwera nacho kunyumba m'mutu.

Tsiku lina akutsika minibasi ku Limbe, wina anawapatsa kapepala ka sing'anga: kubweza mkazi wothawa, kuwina milandu, kuwonjezera mphamvu za abambo. Enafe timangotaya mu ngalande. Iwo anakapinda bwinobwino n'kukayankha masana omwewo, pamodzi ndi kalata ya kumpingo yopempha thandizo la denga. Maenvulopu anasinthana. Lamulungu mlembi wa mpingo, munthu wowerenga asanaganize, anaimirira pa zolengeza nati: "Ndalandira yanu yokhudza mphamvu za abambo. Pakadali pano sindikuperewera, koma zinthu zikasintha ndidzakudziwitsani. Ine wanu, K. Alufandika." Amayi a kwaya anabisa nkhope m'zitenje, mabenchi akugwedezeka. A Kingstone sanatuluke. Anaimba nawo nyimbo yomaliza mpaka vesi lotsiriza, ndipo Lolemba analembera sing'anga uja kalata yopepesa, poti ndi iyeyo amene analandira lonjezo la malata awiri.

Akazi awo atamwalira anatsala okha m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndi kamunda ka chimanga kuseri. Mwana wawo Cecilia, wogwira ntchito m'sitolo ya nsalu ndipo amakhala ku Nkolokosa, anawagulira foni yotsetsereka ndi chala n'kuwatsegulira imelo kuti azitsata za penshoni. Apa ndi pamene mwanayo analakwa, ngakhale anachita ndi mtima wabwino. Munthu woyankha kapepala ka sing'anga sumupatsa bokosi limene makalata amagwamo ngati mvula.

Mu Ogasiti wa 2022 inafika kalata ya Chingerezi, yokhala ndi chizindikiro cha boma pamwamba ndi zidindo zitatu pansi. Inkati yachokera ku ofesi ya boma la ku Joni yoona za chuma cha alendo omwalira opanda wasiye. M'bale wanu, inatero kalatayo, anamwalira mu 2016 ndipo anasiya ndalama zankhaninkhani. Wosaina anali Dokotala Stafford, mkulu wa ofesiyo.

A Kingstone anaiwerenga kawiri. Pa ndalamapo maso awo anangodutsa ngati akudutsa mtengo wa soseji m'sitolo. Anaima pa mawu akuti anamwalira. Anali ndi mkulu wawo, a January, amene anachoka ku Nsanje mu 1973 kupita kumigodi, iwo ali mwana wa sukulu, ndipo kuchokera pamenepo sipanamveke ngakhale chifuwa. Anavala jekete, anathyola nthambi za masamba n'kuziika pamsewu monga timachitira pakagwa zovuta.

Woyamba kufika anali Kulusumu, neba wawo wa kuseri kwa mpanda, wogulitsa samusa, mayi amene lilime lake silidziwa njira yokhota.

"Watisiya ndani, aneba?"

"Achimwene a January."

"Pepani. Liti?"

"Mu 2016."

Kulusumu anayang'ana masamba aja, anayang'ana madalawo. "Nanga thupi?"

"Ndi zimene ndikulemberana ndi boma."

Anthu anabwera ndithu, chifukwa masamba pamsewu safunsidwa chaka. Kwaya inaimba, amayi anaphika, abambo anakhala pamipando kukamba za mpira chapansipansi. Maliro opanda bokosi, opanda manda, opanda ndi chithunzi chomwe. Pofika madzulo anthu anabalalika osadziwa ngati aseke kapena apepese, ndipo ambiri anachita zonse ziwiri, china pakhomo china panjira.

Kenako kunayamba kulemberana. A Kingstone ankataipa yankho pamakina awo, kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kukalijambulitsa pa kasitolo ka makompyuta kuti litumizidwe, n'kusindikiza la a Stafford kuti likalowe mu fayilo. Fayiloyo inali yachikasu, yomanga ndi chingwe, pamwamba atalemba ndi zilembo zazikulu dzina la mkulu wawo.

A Stafford ankati: tumizani ndalama ya chidindo kuti chuma chituluke. A Kingstone ankati: anadwala chiyani? A Stafford ankati: nthawi ikutha, boma lilanda zonse. A Kingstone ankati: anasiya ana? Ankapemphera? Anaikidwa kuti, ndipo anamunyamula ndani? M'kalata yachitatu anawadzudzula a Dokotalawo kuti ofesi yaikulu chotere ikulemba makalata opanda nambala ya fayilo, ndipo anawapatsa nambala iwo eni kuti aziigwiritsa ntchito. Akuba a padziko lonse lapansi sanakumanepo ndi ntchito yolemetsa chotere. Koma wakuba ndi wopirira kuposa msodzi. A Stafford anaona pamene pali bala, nalemba kuti za manda zili mu fayilo ina, ndipo fayiloyo imatsegulidwa ndi chidindo chakechake.

Matumba a chimanga anapita kuti chidindocho chilipiridwe. Njinga inapita. Wailesi imene ankamvera uthenga wa maliro masana aliwonse inapitanso. Cecilia atamva kwa Kulusumu anabwera Loweruka, osavula ndi nsapato zomwe.

"Ababa, awa ndi akuba. Kalata imeneyi amatumizira anthu zikwizikwi. Kusitolo kwathu tonse tinalandira, ndi mlonda yemwe."

"Nonse muli ndi abale ku Joni?"

"M'Malawi muno alipo wopanda m'bale ku Joni? Tatsegulani fayilo yanuyo. Kalata yoyamba ikuti chiyani? Ikuti m'bale wanu. Dzina la bambo aakulu munawapatsa ndinu."

A Kingstone anamasula chingwe, anayang'ana, anamanganso. Cecilia anayamba kuchita manyazi ndi mawu ake.

"Mwana wanga, ndagwira m'boma zaka makumi atatu ndi zinayi. Boma loyankha kalata tsiku lomwelo sindinalionepo. Ukuyesa sindinadabwe?"

"Nanga mukutumiziranji?"

"Agogo ako sankadziwa kulemba. Mwezi uliwonse ankandikhazika pansi pa mtengo wa masawu, amvekere, lembera mkulu wako. Ndinalemba zaka khumi ndi chimodzi. Sinabwere ngakhale imodzi. Achimwene pochoka anatenga ndalama ya mbuzi osapempha, ndiye mayi ankaganiza kuti akuopa kubwera chifukwa cha zimenezo. Akumwalira anandigwira dzanja, akuti ukadzamva kumene ali, wamoyo kaya wakufa, ukamuuze kuti sindinakwiye." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. "Uthengawo ndili nawobe. Tsopano kwapezeka munthu woyankha. Ngati pa mabodza ake khumi limodzi lili loona, ndilisiye?"

Cecilia anabwerera ku Nkolokosa. Mawa lake anatumiza thumba la ufa ndi shuga, koma ndalama sanawapatsenso m'manja.

Patapita milungu itatu a Stafford, mwina atatopa, anatumiza dzina la msewu ndi nambala ya manda: 417. Kuyambira tsiku la masamba lija sitinawaone a Kingstone akuyenda mwachangu chotero. Analunjika kwa a Zakir, amuna a Kulusumu, oyendetsa thilaki ya katundu pakati pa Limbe ndi Joni, munthu wofatsa amene sadumpha swala, pemphero la Chisilamu, ngakhale ali pamzere wa pachipata cha dziko. Anawapatsa envulopu yomata, m'kati muli uthenga wa mayi awo uja.

"Mukafika mutsegule, muwerenge mokweza. Achimwene sankawerenga bwino. Mukatha muike pansi pa mwala."

"Madala, Joni ndi wamkulu."

"Nambala ndi imeneyo. Manda sasamuka."

Zimene zinachitika kumeneko tinazimva pambuyo pake, ndipo mukudziwa kale kuti tinamva kwa ndani. A Zakir anaupeza msewuwo. Panalibe manda. Panali malo otsukira magalimoto ndi kakhumbi kowotcha mapazi a nkhuku. Anafunsa bambo wina wa ku Mangochi amene amatsuka pamenepo, ndipo iye anati, "Achimwene, pano ndatsuka magalimoto zaka zisanu ndi ziwiri, chiliza sindinatsukepo." A Zakir anabwerera m'thilaki n'kukhala ndi envulopu ija pamwendo mpaka dzuwa linapendeka. Munthu amene sananamizepo ngakhale wapolisi wa pamsewu. Mawa lake analipira takisi ndi ndalama yawo ya chakudya kupita ku manda aakulu a kunja kwa mzinda, anayenda mpaka kumapeto kumene kuli mitumbira yopanda maina, nasankha umodzi. Anazula udzu, anatsegula kalata, anawerenga mokweza monga anauzidwira. Inali ya mizere inayi yokha. Anaiika pansi pa mwala n'kujambula ndi foni.

Atabwerako anawapeza a Kingstone pakhonde. Anawapatsa foni. Madalawo anavala magalasi, anayang'ana, anakulitsa chithunzi ndi zala monga anawaphunzitsira Cecilia.

"Palibe dzina."

"Palibe, madala."

"Nambala?"

"Inafufutika ndi mvula."

"Munawerenga?"

"Ndinawerenga. Kawiri."

A Kingstone anayang'ana a Zakir m'maso, ndipo a Zakir anayang'ana nsapato zawo. Kalaliki amene anagwira mapepala abodza ambirimbiri pa moyo wake sanafunsenso funso lina. Anangoti, "Udzu mwazula bwino," n'kubweza foni.

Madzulo amenewo anataipa kalata yomaliza kwa a Stafford. Anawathokoza chifukwa cha khama lawo, anati chuma chonsecho ofesi isunge ndipo izilambulira manda, nawakumbutsanso za nambala ya fayilo. Kenako analemba pachikuto kuti nkhani yatha, anaika deti, anasaina. A Stafford sanamve. Analemba kuti ndalama zawonjezeka. Analemba kuti nduna yakwiya. Analemba kuti apezanso m'bale wina. Foni inkangolira pathebulo, a Kingstone osaigwira.

"Aneba, kalata zikukudikirani," anatero Kulusumu tsiku lina pampanda, pofuna kuwayesa.

"Fayilo yotseka siyankhidwa, mayi."

Koma kuchokera pamenepo makina aja anayamba kulira mwa apo ndi apo. Bilu ya madzi inabwera, anangolipira osaiyankha. Ankakhala pakhonde ndi chipewa pamaondo, kupereka moni kwa odutsa, thupi likuchepa mkati mwa jekete. Sankaoneka odandaula. Ankaoneka ngati mesenjala amene wapereka kalata yake ndipo palibe womutumanso. Mu Juni wotsatira, chiperoni chitagwira masiku anayi, chifuwa chinawatenga. Cecilia anakawaika ku Nsanje pafupi ndi mayi awo, ndipo a Zakir ndi amene anayendetsa galimoto ya maliro osalandira kanthu.

M'nyumba muja tsopano mukukhala banja lina, ndipo pakhonde paja amayanikapo matewera. Masana kumakhala zii, moti ena timadzidzimuka tikaona kuti tikudikira kugogoda kuja. Makhadi a ukwati amapita osabwerako yankho. Ku mpingo zolengeza zimatha msanga ndipo palibe amene amaseka. Makalata a a Stafford ndi anzawo akugwabe m'mafoni mwathu, lero boma ili, mawa ofesi iyo, ndipo timawafufuta ndi chala chimodzi. Tonse ndife ochenjera tsopano. Koma aliyense wa ife ali ndi wake amene anapita osabwerako, ndipo palibe amene akumufunsira.

Tsiku lina pa mpopi amayi anayamba kukangana za a Zakir. Ena ankati anachimwa kunamiza nkhalamba, ena ankati munthu wotero malo ake kumwamba ndi okonzeka kale. Kulusumu anamvetsera mpaka ndowa yake inadzaza, anaisenza, kenako anatembenuka.

"Musawasandutse mngelo amuna angawo. Madala aja tonse tinawanamiza, kuyambira tsiku la masamba lija. Kungoti amuna angawo sanawalipiritse ngati a Stafford."