Tonde wa ababa anapita chifukwa cha ine

Nkhaniyi ngakhale m'kabuku kanga ndinailemba ndi tizilembo ting'onoting'ono, chifukwa cha manyazi.

Apurufesora athu ku shikola ya ku Chifunde anatichenjeza kuti pa intaneti pali anthu oba mafoto a atsikana, n'kuwapatsa dzina lina kuti azinamizira amuna. Pa telefoni yomwe timabwerekana ndi amayi panali foto yanga ya tsiku la kirizima, lomwe ndinalandira Ulimbitso ku tchalitchi (ndolo zinali zobwereka, koma nkhope inali yangayanga). Ndinaichotsa msangamsanga, n'kuikapo ya Mtendere, tonde wa ababa. Ndinati wakubayo akafuna akwatitse ameneyu.

Mtendere sanali mbuzi wamba. Makolo ake anabwera ndi ababa kuchokera ku Malawi, komwe anathawira, nkhondo itatha, ndipo ababa ankamukonda (mwina kuposa mlongo wanga). Choncho ndinamupukuta bwinobwino, ndinamumanga kansalu kofiira m'khosi, n'kumujambula chakumbali kuti kunona kuoneke.

Ndinaiwala kuti nambala ya amayi ili pa gulu la parokia la pa telefoni, ndipo onse a m'gulumo amaiona fotoyo. Sindinkadziwanso kuti akatekista ankafuna mbuzi ya festa, phwando la parokia, ndipo ababa anali atawauza kuti zawo zonse zatha ndi chipere, zatsala nthiti zokhazokha.

M'mawa mwake akatekista anafika pa njinga.

"Odi, aPhiri! Tabwera kudzazonda odwala." Anatulutsa telefoni yawo. "Chipere chake n'chimenechi? Bwenzi chitandigwira inenso."

"Foto yakalekale imeneyo," anatero ababa.

Pomwepo Mtendere anatulukira kuseri kwa nkhokwe, akugwedeza mimba, kansalu kaja kali m'khosi.

Ine, amene ndimaopa ngakhale kuyankha "wawa" mokweza, ndinagwada n'kunena kuti, "Akatekista, fotoyo mwatenga popanda chilolezo."

"Foto ndikubwezera, mwanawe. Ine ndikufuna mwini wake."

Ababa sakanakana pamaso pa anthu a Mulungu. Pa festa aliyense ankawagwira chanza chifukwa cha mtima wawo wopatsa, iwo akumwetulira ngati akuwazula dzino. Ine ndinalira kuseri kwa tchalitchi. (Ndinadyako. Anali wofewa.)

Madzulo ndinapepesa, n'kulonjeza kuti tsopano ndiikapo foto ya mwala basi.

Ababa anandiyankha kuti:

"Ukajambule wa kumtsinje, osati wa pakhomo pano. Parokia ikumanga mpanda."