BP Yanga ndi Apongozi a ku Tengani

Lolemba

144 pamwamba, 91 pansi. Ndiwo manambala anga. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda nawo osadziwa.

Ndili ku kiliniki ya ku esiteti, kumene amatiyeza tonse oyendetsa mathirakitala nyengo yodula nzimbe isanayambe. Maso ali bwino. Makutu ali bwino. Kenako anesi akundimanga lamba pamkono, kamakina kakung'ung'uza, lamba akufufuma ngati chule, iwo akukweza nsidze.

"Yakwera pang'ono, bambo. Sindikuti mukudwala, mwina ndi mantha a pano. Mukadziyeze kunyumba m'mawa ndi madzulo, mudzabwere ndi pepala Lolemba. Ndikaliona ndiye tidzakamba zosaina."

Akapanda kusaina, thirakitala yanga ya buluu aipereka kwa wina. Oifuna alipo, mayina awo ndikuwadziwa.

Akuti nambala yapamwamba ndi pamene mtima ukukankha magazi, yapansi ndi pamene ukupuma. Kupuma kwakenso kosakwana sekondi! Mu minibasi yobwerera ku Bangula ndagwira pachifuwa njira yonse. Thirakitala timaithira oilo, timaipumitsa Lamulungu. Koma chinthu ichi chibadwire changa sichinazimepo, ndipo sindinachithokozepo.

Kamakina ndabwereka kwa a Fole, mphunzitsi wopuma pantchito amene tayandikana nawo nyumba. Malamulo a anesi:
- khala pampando, msana utsamire, mapazi pansi
- mphindi zisanu uli chete usanayeze
- tiyi ndi fodya zidikire
- lamba akamafufuma usalankhule, usagwedezeke
- lemba zoona

Zophweka. Ine ndimakhala maola atatu pamzere wa sikelo yoyezera nzimbe osadandaula.

Lachiwiri

M'mawa, pansi pa mtengo wa nimu: 136 ndi 86. Yatsika yokha, popanda mankhwala! Anesi akufuna yoyeza kunyumba isapitirire 135 ndi 85, ndiye kuti ndatsala pang'ono kwambiri.

Sindimadziwa kuti mphindi zisanu n'zazitali chonchi. Ndikumva belu la njinga kumsewu, mbuzi ikutafuna, ndi kenakake kakugunda m'khutu mwanga. Ndine amene.

Vuto ndi loti mayi wa nyumba yakutsogolo wandiona: bambo wamkulu ali duu pampando, maso otseka, chingwe chikulendewera pamkono. Pofika masana msika wonse wamva kuti ndikudwala. Pofika madzulo akuti ndauma mbali imodzi.

Obwera kudzazonda lero:
- amayi asanu a kutchalitchi, ndi nyimbo zitatu
- mlamu wanga, ndi milamba youma yothira mchere wochita kuoneka
- Tomu wometa tsitsi, amene wayamba kachasu tambala asanalire

Aliyense akufuna kuyezedwa. Tomu, 118 ndi 76. Ndamuyezanso kachiwiri, zomwezo. Ndakhala ndikumuyang'ana nthawi yaitali. Ntchito za Mulungu n'zozama.

Zanga za madzulo sindinayeze. Pampando panali pamzere.

Lachitatu

Kwatentha kuyambira m'mamawa, ndiye ndavula malaya. Ndakhala pampando. Mphindi zisanu zatha bwinobwino. Ndadina batani, lamba wayamba kufufuma.

Pomwepo kabaza ikuima pachipata, ndipo akutsika ndi apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ochokera ku Tengani. Uthenga wawafika kuti mkamwini wawo watsala madzi amodzi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pabanja ndi mwana wawo. Sanandionepo ndili pampando iwo ali chiimire. Sanaonepo mimba yanga. Ndikawaona patali ndimatsika, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja maso ali pansi.

"Muli tani, bambo a Esinati?"

Lamba akufinya. Lamulo likuti usalankhule.

"Ndati muli tani?"

Ndili duu, mimba pamtunda, ndikuyang'ana nimu.

Kamakina kalira: 158 ndi 97. Ndadzigwetsa pansi ndi lamba yemwe, ndikuwomba m'manja, chingwe chikukoka kamakina m'fumbi. Iwo ayala mphasa n'kundifulatira.

Chondidabwitsa n'chakuti kanthu kapulasitiki aka, kopangidwa kutsidya kwa nyanja, kadziwa kuti apongozi afika. Kalibe maso, koma kadziwa.

Lachinayi

Apongozi sanabwerere. Sanandilankhulenso. Koma dzulo anauza mkazi wanga kuti awawerengere malamulo a anesi, kawiri, pang'onopang'ono. Lero pakhomo pano pali boma latsopano.

Zosintha:
- mchere auchotsa m'khitchini, aumanga pansonga ya chitenje chawo
- milamba ya mlamu yaperekedwa kwa anthu oyandikana nawo
- tiyi wanga wa m'mawa ayamba kumwa okha
- odzazonda akubwezedwa pachipata ndi phesi la mapira

Tomu wabwera ndi anzake awiri kuti awone manambala ake. Wathawa n'kusiya patapata mmodzi.

Kenako nkhani yaikulu. Atulutsa okha mpando, auika pansi pa nimu, ndipo akulankhula atayang'ana mtengowo: "Auzeni akhale pampando."

Ine pampando, iwo pamphasa, mapazi atatu kuchokera pamene ndili, phesi lili pamiyendo. Mphindi zisanu. Akundilondera kuti pasapezeke wondisokoneza. Nkhuku yayandikira, aikankha. Ntchentche yatera paphewa panga, aiyang'ana mpaka yachoka.

Thupi lakhala pampando, koma mtima wanjuta pansi ukuwomba m'manja. M'mawa 151 ndi 94. Madzulo 150 ndi 93.

Ndiwo zopanda mchere n'zoona kuti zimadyeka. Sindinanene kuti zimakoma.

Lachisanu

Ndanamizira kukabweza khasu kwa a Fole, kamakina kali m'thumba. M'chipinda mwawo, chitseko chotseka, pampando wawo wa mikono: 134 ndi 84. Ndangotsala pang'ono kulira. Magazi omwewo, mkono womwewo, kusiyana mpanda umodzi wokha!

A Fole akuti nambala imodzi siweruza munthu. BP imakwera n'kutsika tsiku lonse, ukathamanga, ukakwiya, ukaopa. N'chifukwa chake anesi akufuna za sabata yonse, kuti aziphatikize n'kuona zapakati. Atenga pensulo, aphatikiza zanga, achotsa magalasi, apukuta, avalanso. "Apongozi anu abwerera liti?"

Pobwerera ndapeza apongozi pachipata, mpando uli kale pansi pa nimu. Akuti kuyeza kwa kunyumba ya eni sikuwerengedwa.

Ndadina batani, kamakina kazima. Mabatire atha, anthu a Lachiwiri aja anawamaliza. Ndinasangalala mumtima. Apongozi alowa m'nyumba, atuluka ndi wailesi yanga, aitsekula kumbuyo ndi chikhadabo. Mpira wa mawa ndiumvera kwa anthu.

149 ndi 93.

Ndikuganiza za thirakitala yanga. Giya yachitatu imafuna kuinyengerera, ndipo wina sangadziwe.

Loweruka

Masana, kuseri kwa nyumba. Ndang'amba pepala loyera m'kope la Esinati. Ndili ndi manambala a Tomu m'mutu, abwino, osalala. Ndikungowasinthasintha pang'ono kuti aoneke ngati a munthu: 122 ndi 78, 119 ndi 77. Cholembera chikuyenda bwino kwambiri. Anesi sadzadziwa. Apongozi sadziwa kuwerenga.

Ndamva mphasa ikuyalidwa kuseri kwa ngodya. Sakundiona, sindikuwaona. Akulankhula ngati akuuza khoma.

"Bambo ake a mkazi wanu sankadwala. Ankalima thonje ngati anthu awiri. Tsiku lina m'mawa anandiuza kuti mutu ukulemera pang'ono, ndinati ndi dzuwa. Anagwa pakati pa mizere, khasu lili m'manja. Kuchipatala anatifunsa kuti BP yawo inkakhala bwanji. Ife tinangoyang'anana. Panalibe anawamangapo kalamba ako."

Mbuzi ikutafuna.

"Mwana wanga asadzavale zakuda ali ndi ana aang'ono. Inu khalani pampando, vulani malaya, musandiyankhe moni chaka chonse ngati kakufuna choncho. Ine ndilibe nazo kanthu."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo aka n'koyamba kundiuza mawu opitirira asanu. Ndachita manyazi mpaka m'mapazi. Pepala lija ndalipatsa mbuzi.

Ndayankha khoma lomwelo, kuthokoza m'chinenero chawo: "Takhuta, mayi."

Madzulo ndakhala pampando osatumidwa, iwo ali pamphasa pambali panga. 146 ndi 91. Ndalemba momwemo.

Lamulungu

Onse apita kutchalitchi. Pakhomo pali ine, nimu ndi nkhuku. 131 ndi 82.

Ndatsala nditakhala ngakhale kamakina katazima. Ndaika zala pakhosi. Ukugundabe, osafulumira, ngati munthu wodziwa ntchito yake. Unagunda pamene ndinkabadwa, unagunda Lachitatu mimba ili pamtunda, ukugunda pano. Ndauuza kuti pepani chifukwa cha mchere wa zaka zonsezi.

Pepala la mawa lili motere:
- manambala abwino: awiri
- yotsala pang'ono kukhala yabwino: imodzi
- oopsa: ambiri
- mipata yopanda kanthu: itatu
- dontho la thobwa: limodzi

Ndajambula mzere wina kumapeto, ndalemba pamwamba pake "Amene analipo". M'munsi mwake: ndekha, apongozi, apongozi, apongozi, a Fole, apongozi, apongozi, ndekha. Anesi ndi ophunzira, aona okha.

Mwina asaina. Mwina anditumiza kwa adokotala, kapena andiuza kuti ndiyezenso sabata ina, thirakitala ya buluu n'kupita kwa mnyamata wosadziwa giya yachitatu. Zikatero ndidzamva kuwawa, sindinama. Koma pepala ndi ili, lina ndilibe.

Madzulo ano ndaona chitenje chatsopano cha apongozi chitayanikidwa pachingwe, nsapato zawo za kutchalitchi zitapukutidwa. Ndafunsa mkazi wanga ngati akubwerera ku Tengani mawa.

Ayi. Akuti andiperekeza ku kiliniki. Akufuna akakhale pafupi pamene anesi akundimanga lamba, kuti ndisachite mantha.