A Fraser ndi Manda Oyenda

Ku Kadewere kunalibe munthu wokonda maliro ngati a Fraser. Mkuwo ukangomveka, iwo anali kale panjira, khasu paphewa, mtolo wa udzu wa vetiva kukhwapa, nkhope yowala ngati akupita ku ukwati.

Anagwirapo ntchito ya misewu, ndipo anabwerako ndi chiphunzitso chimodzi: phiri ndi chidakwa. Likamwa madzi ambiri limagwa, ukalidula phazi limagwanso. Ankalankhula zimene ankazidziwa, poti iwonso kachasu ankawagwetsa chimodzimodzi.

Tsono manda a m'mudzimo ali pamtsetse, pamwamba pa khwawa, ndipo akazi awo, a Falesi, anagona m'mphepete mwenimweni. A Fraser ankalumbira kuti mandawo akuyenda, poti mitanda yonse inali itaweramira kukhwawa. Koma kumanda salowako wamba, mpaka pagwe maliro. Ndiye maliro aliwonse, anzawo akulira, iwo ankakumba ngalande yopatutsa madzi kumtunda, kukwirira ming'alu, ndi kudzala vetiva kuti mizu yake imange dothi. Tsiku lina abusa ali pakati pa pemphero, panamveka mawu kumbuyo: "Tasendezani phazi, abusa, mwaponda ngalande."

Mvula ikayandikira ankazonda odwala mwakhama lokayikitsa. Anafika kwa a Simoni, omwe chifuwa chinawagoneka mwezi wathunthu.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndayamba kudya."

"Oho," anatero a Fraser, mapewa akugwa. A Simoni anawagenda ndi chikho.

Davie woumba njerwa ankakumba dothi kuphazi kwa mtsetsewo. A Fraser sanakangane naye. Anangomuuza kuti akapitiriza, a Falesi atsika okha kudzamupeza pa uvuni. Davie anasamuka tsiku lomwelo.

Kenaka kunabwera chaka chabwino modabwitsa. Palibe anamwalira, ngakhale a Simoni ananenepa. A Fraser ankaima kunja kwa manda, kusuzumira ngalande yawo itadzaza mchenga, mng'alu ukuyasama kumtunda kwa a Falesi. Anapempha kwa akuluakulu kuti alowe, anawakaniza. Mitambo inayamba kuda kuphiri la Chiradzulu, ndipo mkuluyo anasiya ngakhale kachasu. Ankati mkaziyo anamugoneka m'nyumba yodontha moyo wake wonse, sangalolenso kuti madzi akamutenge kumanda.

A Fraser anadwala masiku ochepa chabe. Davie atapita kukawaona, mkuluyo anamugwira dzanja. "Mukabwere ndi makasu ambiri. Dzenje silifuna gulu, enanu mukhale pangalande."

Ndipo zinaterodi. A Fraser atamwalira, mudzi wonse unakumba ngalande, kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mvula inagwa sabata yomweyo, yamkuntho, koma mtsetse sunasunthe. Mpaka lero a Simoni amalimbikira kuti munthu uja anachita dala.

Masiku ano maliro athu ndi aulemu. Abusa amapemphera mpaka amen popanda wowasendeza, ndipo kunena zoona, timawasowa a Fraser. Agona pambali pa a Falesi, m'mphepete momwemo, vetiva atawagwira onse awiri.